Mapanga Awiri Avumbwitsa: Nayi Ndondomeko Yake

Kukhala lova n'kosavuta, aliyense angathe. Luso lenileni lili poluza ntchito ziwiri pa nthawi imodzi, ina ili kale m'manja, ina mukuionera patali ngati phiri la Hora. Malangizo awa ndi anu, inu amene kabungwe kena pa Mzimba Boma pano kakuimbirani foni kuti mwakhoza intavyu, mudzayambe pa 1, pomwe Lachinayi la sabata yomweyo akukudikirani ku intavyu yachiwiri ku bungwe lalikulu ku Mzuzu, la magalimoto oyera a mlongoti pamphuno aja. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sanafotokoze kavumbwidwe kake. Tsatirani bwino, musalumphe ndime.

Choyamba, musapemphe kalata. Mawu a pafoni ndi okwanira. Abwana akati "ntchito ndi yanu," inu mungoti "yewo chomene" n'kudula. Za malipiro, za kutalika kwa kontirakiti, za malo ogwirira ntchito, musafunse. Kufunsa n'kwa ana. Mudzadziwira m'tsogolo kuti Mzimba imene ankanena ndi ya kwa Khosolo, kuseri kwa mapiri, komwe mvula ikagwa galimoto imagona panjira. N'zoona kuti lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke chikalata chofotokoza malipiro, maola ogwirira ntchito ndi tchuthi. N'zoonanso kuti pa penshoni abwana amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kuikapo 5. Koma munthu wodziwa zimenezi amatha kuika ntchito ziwirizi pa sikelo n'kusankha mwanzeru, ndiye kuti dongosolo lathu lonse lasokonekera.

Chachiwiri, zimitsani foni. Pali anthu ena amantha amene amaimba tsiku lomwelo n'kunena kuti: "Abwana, ndathokoza kwambiri. Ndimapempha ngati mungandilole mpaka Lachisanu kuti ndiwerenge kalatayi modekha, ndikambiranenso ndi akunyumba." Akatero amaimbiranso a ku Mzuzu: "Kwina andipatsa mwayi ndipo akufuna yankho Lachisanu, koma mtima wanga uli kwa inu. Kodi zotsatira zingatuluke liti?" Anthu oterewa mapeto awo ndi omvetsa chisoni: amadzuka 5 koloko m'mawa uliwonse kusita malaya. Musawatsanzire. Inu zimitsani foni masiku asanu, ndipo mukadzayatsa mudzati netiweki imavuta, ngakhale nyumba yanu ili pansi penipeni pa nsanja ya netiweki. Musade nkhawa kuti mukuwazunza olemba ntchitowo. Mu Juni 2020 khamu la anthu linakhamukira ku intavyu ya Unduna wa Zaumoyo pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu, mpaka ena kuvulala polimbirana kulowa. M'dziko lotere mpando suzizira, ndipo amene anakhala nambala 2 pa mndandanda foni yake siizima ngakhale usiku.

Chachitatu, ngati mwatsoka akudikiranibe mpaka mwayamba ntchito, pakufunika maliro. Lachitatu madzulo lowani mu ofesi nkhope ili yakugwa, munene kuti agogo atisiya ku Embangweni. Sankhani agogo athanzi, oyenda okha, amene saphonya mapemphero. Abwana anu ndi mkulu wa mpingo wa CCAP, akazi awo ali mu Umanyano limodzi ndi azakhali anu, choncho uthenga wa chipepeso ukafika kwa omwalirawo dzuwa lisanalowe. Lachinayi m'mawa valani tayi, pakhwapa envulopu ya khaki ya masatifiketi, muime pa depoti poonekera. Embangweni ili kummwera, koma inu mukwere Sienta yolowera kumpoto, ya ku Chikangawa, ndipo mukhale kutsogolo kuti aliyense wopita kumsika akuoneni. Pa boma laling'ono ngati lino, wogulitsa mayunitsi, wa kabaza ndi mlonda wa ku ofesi kwanu amadyera pa chiwaya chimodzi cha tchipisi. Simufunikanso wailesi.

Chachinayi, mukafika ku Mzuzu nyozani phanga loyamba. Akakufunsani ngati muli pa ntchito kwina, sekani pang'ono n'kunena kuti: "Aaa, ndi kabungwe ka m'chikwama, ndikungotayitsako nthawi." Mayi amene akulemba mwakachetechete kumapeto kwa tebuloyo mwina ndi membala wa bodi ya kabungweko, kapena anaphunzira limodzi ndi abwana anu ku Mzuni ndipo ali pa gulu limodzi la WhatsApp. Zimenezi zimathandiza kuti nkhani iyende msanga. Mukabwerera ku Boma, uzani abwana kuti ena akufuna kukupatsani malipiro owirikiza katatu, ndiye aganizepo. Wanzeru akanatchula zoona zokhazokha, mwaulemu, kalata ili m'manja. Inu tchulani nambala imene ikubwera m'mutu. Abwana amene dzulo lomweli anakupatsani ya chipepeso adzasangalala kumva kuti kumaliro kuja kunalinso zokambirana za malipiro.

Chachisanu, lengezani. A ku Mzuzu akati "tikudziwitsani," mawu amenewo ndi kalata kale. Ikani chithunzi pa Facebook mutaima pafupi ndi galimoto yawo, mulembe kuti Mulungu wayankha. Imbirani achimwene anu ku Joni kuti asavutikenso kutumiza ndalama, tsopano banja lili m'manja mwanu. Uzani akuchikazi kuti ng'ombe za lobola zotsala zija azilandira mwezi wamawa. Kenako pitani kwa wakatapila mukatenge ndalama ya sofa ndi firiji, mudzabweza ndi malipiro oyamba. Musalole wina akukumbutseni za Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo la USAID, mapulojekiti n'kuima, anthu amene anali kale pa ntchito n'kubwerera kunyumba. Kapena kuti ntchito za m'boma, pakati pa intavyu ndi kalata, chimanga chimatha kudzalidwa mpaka kukololedwa. Amenewo ndi ansanje.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo apa ndi pa mtima pa nkhani, chokani osatsanzika. Lamulo la Employment Act lija limalola nthawi yoyesedwa pa ntchito, imene siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Nthawiyo ikadutsa, wolandira pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi. Ndiye kuti khomo lotulukira mwaulemu lilipo, ndipo ndi lotsegula. Munthu wopanda luso akanadikira kalata ya ku Mzuzu, n'kukagogoda kwa abwana: "Ndabwera kudzapepesa. Kwapezeka mwayi umene sindingathe kuukana. Ndithandiza amene alowe m'malo mwanga mpaka azolowere." Abwana akanakhumudwa sabata imodzi, kenako akanamulembera kalata ya umboni. Inu musatero. Musadikire kalata iliyonse. Lolemba m'mawa ingosowani, makiyi a ofesi ali m'thumba, laputopu ndi chipewa cha njinga yamoto zili kunyumba. Akaimba, bwererani ku ndime yachiwiri.

Tsopano dikirani. Bungwe lalikulu lisanalembe munthu limafufuza kaye kumene wachokera. Lidzaimba foni ku Mzimba, ndipo adzayankha ndi abwana aja, amene akhala masiku atatu akulowera pa windo. Kukambirana kwake sikudzatenga mayunitsi ambiri.

Ena adzakuuzani kuti vuto lonseli likanatha ndi mafoni awiri ndi masiku asanu opempha poyera. Kuti olemba ntchito nawonso anafunsirapo ntchito ndipo sadabwa kumva kuti munthu waponya mbedza ziwiri. Kuti chimene sakhululuka ndi kupusitsidwa. Akunena zoona, n'chifukwa chake muyenera kuwapewa. Dzina la munthu pa Mzimba limayenda ulendo umodzi wokha kuchokera ku Jenda mpaka ku Ekwendeni, ndipo silibwerera kukasintha zovala.

Mukatsatira zonsezi, pakutha pa mwezi mudzakhala pakhonde momasuka, opanda wokulamulani. Cha m'ma 7 koloko muzidzaona nambala 2 uja akudutsa pa njinga yamoto, atavala chipewa chimene apolisi anadzatenga kwanu. Cha m'ma 10 azidzabwera wakatapila kudzayeza sofa ndi maso. Madzulo muzidzafunsa mtengo wa basi ya ku Joni, kwinaku mukuganiza mmene mungayambire nkhani ndi achimwene aja munawapumitsa. Ya transipoti yokha isakusowetseni tulo. Agogo a ku Embangweni amva zonse, agulitsa nkhuku ziwiri, ndipo akubwera nazo okha ndalamazo Loweruka. Akuti akufunanso kumva ngati anthu anabwera ambiri pa maliro awo.