Kuthamanga Sikufika, Funsani Toyota Stout

Amene anayambitsa mwambi woti kuthamanga sikufika sanaonepo kabuleta, komatu akanakhala makaniko wodziwika pa Kamwendo. Nyengo ya mtedza ndi soya ikakwana ku Mchinji, galimoto zomwe tonse tinazilira maliro kalekale zimadzuka pansi pa mitengo ya mango: Toyota Stout, Hilux ya injini ya 4Y, ndi ka Datsun kotseka chitseko ndi waya. Ntchito yake ndi kutulutsa matumba m'midzi ya ku Mkanda ndi ku Kapiri, kumbuyo zitakokanso ngolo, mpaka pa msewu wa M12.

Mnyamata akasiyiridwa galimoto yotere ndi amalume ake, choyamba amafuna ilire. Amagula chikabuleta chachikulu kukhosi, n'kuwotcherera chipaipi cha ekizosi. Imaliradi, agalu a ku Chipata mpaka kuyankha. Koma ikafika pachitunda itasenza, imatsokomola kawiri n'kuzima, okwera matola ali balalabalala kusaka miyala yoika kumatayala.

Vuto lili pakhosipo. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono imakoka mpweya wochepa, ndipo mpweyawo umayenera kudutsa popanikiza kuti uthamange ndi kuyamwa petulo. Tayesani kuimba mluzu mutayasamula, muone ngati pamveke kanthu. Chikabuleta chija chimathandiza injini ikamakuwa pa liwiro, koma ndani anathamangapo pa msewu wafumbi, matumba ali mpaka pamwamba pa denga?

Makaniko wachikulire sakangana. Amangofunsa, "Iwe, kabuleta yakale ija unataya kuti?" Ikapezeka m'khola la nkhuku, amaitsuka majeti, n'kusintha timphira tonse, poti petulo wa kuno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe anayamba kumutcheza ku Dwangwa, ndipo mphira wakale sagwirizana naye. Kenako mapointi ndi mapulagi. Tayimingi amatchera ndi khutu: kupotoza distributor pang'ono, kukwera chitunda, injini ikayamba kugogoda n'kubwezako pang'ono. Matayala akuluakulu onyadira aja amavula, poti tayala laling'ono limachepetsa liwiro koma limawonjezera mphamvu yokoka. Mwini wake akakhala ndi ndalama, amasakanso difu yochedwa. Sakhala nazo.

"Madala, ndiye izithamanga bwanji?"

"Ukuthamangira kuti? Pa boda ya Mwami pali mzere."

Galimoto imatuluka m'galaja itafatsa, akabaza n'kumaipitirira akuimba belu mwachipongwe, koma chitunda chija imakwera mu giya yachiwiri osapempha munthu kutsika. Za mabuleki zimakumbukika potsetsereka, ngolo ikayamba kukankha kumbuyo, ndipo pamenepo aliyense wokwera amakumbukiranso mpingo wake. Chikabuleta chija chimakapezeka pa msika, chitapukutidwa bwinobwino, wogulitsa akulumbira kuti chinachoka m'galimoto ya mzungu.