Njira yachidule yokhalira Earl wa ku Warwick

Ngati mtima wanu ukulakalaka ulemu, minda ndi linga la miyala ku England, musadzivute ndi sukulu kapena khasu. Mpando wa Earl wa ku Warwick ulipo kuyambira 1088, pamene mfumu William II inaupereka kwa Henry de Beaumont, ndipo amene anaukhalapo anatilambulira kale njira.

Yambani ndi kukwatira mwanzeru. Za nkhope ya mkazi zisiyeni, inu funsitsani za thanzi la alamu anu. Richard Neville anakwatira Anne Beauchamp onse ali ana. Mlamu wake Henry, mwini mpandowo, anamwalira mu 1446, kamwana kakakazi kamene anasiya kanamutsatira mu 1449 kali ndi zaka 5, basi Neville n'kudzuka ali Earl. Anne anali ndi azikulu ake atatu a mayi wina, koma lamulo linkakondera wa bere limodzi ndi malemu, ndiye atatuwo anangotsala kukamwa yasa.

Mukakhazikika, mafumu muziwasintha akakutopetsani. Neville anathandiza Edward IV kulowa ufumu mu 1461, atayambana naye anabwezeretsa Henry VI mu 1470. Anthu adzakutchani wolonga mafumu. Dzinalo mulidyerere msanga, poti mwiniwake anaphedwa pankhondo ya ku Barnet mu April 1471.

Tsono pali vuto la apongozi okana kufa. Neville anasiya ana aakazi awiri, ndipo amuna awo anali George wa ku Clarence ndi Richard wa ku Gloucester, ang'ono ake a mfumu Edward IV. Chuma ankachifuna, koma mwini chuma, mayi Anne, anali akupumabe. Apa musathamangire kwa sing'anga, pitani ku nyumba ya malamulo. Mu 1474 aphungu anakhazikitsa lamulo loti mayiyo aziwerengedwa ngati omwalira, akamwini n'kugawana zonse. Bokosi silinagulidwe, adzukulu sanakumbe manda, ndipo malemuwo anapitiriza kudya ndi kumwa mpaka 1492. Ulemu wotere kwa apongozi ndi wosowa.

Khosi lokha ndilo lisakhale lofunika kwambiri kwa inu. George anaphedwa mu Tower of London mu 1478, ndipo mbiri imamveka kuti anamumiza mumgolo wa vinyo. Mwana wake Edward, Earl weniweni, anatsekeredwa ndi mfumu Henry VII ali ndi zaka 10, n'kudulidwa mutu mu 1499. Mlandu wake waukulu unali magazi achifumu amene sanawapemphe.

N'chifukwa chake, achimwene, ine ndikuti mukhale Earl wabodza. Mu 1487 kamnyamata kena, Lambert Simnel, anakanamizira kuti ndi Edward yemweyo ndipo anakaveka chisoti chaufumu ku Dublin. Gulu lake litagonja ku Stoke, Henry VII anakakhululukira n'kukalemba ntchito yotembenuza nyama pamoto m'khitchini ya kunyumba yachifumu. Patapita nthawi anakakweza pantchito, kukhala wosamalira mbalame zosakira nyama za mfumu.