Kalumo ka Mlendo

Mwambi woti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa umanena za wapaulendo amene amathetsa nkhani yomwe yawakanika eni mudzi, koma makolo sanafotokoze chomwe chimachitika mlendoyo akakhala wosamva chilankhulo cha pamudzipo, ndipo mpata umenewu unadikira kubwera kwa kompyuta kuti uonekere.

Tilumo tomwe tikunenedwa pano ndi timapulogalamu ta Unix monga grep, kosaka mawu m'mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi, tomwe timalamulidwa polemba mawu osati podina tizithunzi. Popeza Windows satimva, mu 1995 Steve Chamberlain wa kampani ya Cygnus Solutions anayambitsa Cygwin, yomwe mtima wake ndi fayilo yotchedwa cygwin1.dll, womasulira woima pakati amene amatembenuzira pempho lililonse la mlendo m'chilankhulo cha eni nyumba.

Tsoka lake nlakuti womasulira amatha mawu, koma miyambo imamukanika. Windows amatseka mzere uliwonse ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka pomwe Unix amagwiritsa ntchito chimodzi, kotero kuti chotsalacho chimakhala ngati kamwala mu mpunga, ndipo mlendo akachiluma amasiya ntchito nkuyamba kudandaula za lamulo lomwe sakulidziwa. Mlendoyu alinso ndi mwano pang'ono, pakuti chipinda chomwe eni ake amachitcha C: iye amachipatsa dzina lakelake loti /cygdrive/c. Chovuta kwambiri ndi mwambo wotchedwa fork, womwe pulogalamu ya Unix imadzigawa nawo pawiri ikafuna mthandizi. Windows sanauzolowere, motero womasulira amakopera katundu yense pamanja, ndipo kumeta kumachedwa mpaka wometedwa kuyamba kukayika ngati tsitsi silikumeranso kumbuyo.

Mwambi wina umati mlendo ndi mame, koma uyu sanakamuke. Kampani ya Microsoft, mwini wake wa Windows, yomwe mkulu wake wa panthawiyo Steve Ballmer anayerekeza Linux, m'bale wake wa Unix, ndi khansa mu 2001, inalemba womasulira wakewake wotchedwa WSL mu 2016, ndipo mu 2019 inalengeza WSL 2, yomwe inasiya zomasulirazo nkumumangira mlendo gowelo pabwalo, kutanthauza kompyuta yongoyerekeza yokhala ndi kernel yeniyeni ya Linux, phata loyendetsa zonse. M'gowelomo kalumo kamameta mwaliwiro, kupatula mlendo akafuna kubwereka fayilo ya m'nyumba yaikulu, pomwe amayenera kuzungulira mpanda kaye.