Indie ya ku Oxford pamchenga wa ku Mangochi

Pakoleji pathu ku Zomba panali mitundu iwiri ya anthu: mayo ndi matradi. Ine ndinali tradi wosachita kufunsa, koma chipinda ndinkagona ndi yo wa ku Namiwawa, mnyamata woyankhula Chichewa ngati chikumuwotcha m'kamwa. Iyeyu ndiye anabwera tsiku lina mu 2011 ali wefuwefu.

"Aise, ku Lake of Stars chaka chino kukubwera Foals. Indie yeniyeni!"

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinkati indie ndi nyimbo za amwenye, zam'mafilimu zija, mtsikana atabisala kuseri kwa mtengo mnyamata n'kumamuimbira. Panapita masiku atatu ndisanadziwe kuti awa ndi anyamata a ku Oxford, ku England, ndipo indie ndi oimba amene anayamba okha, osadalira makampani akuluakulu ojambula nyimbo. Apa m'pamene ndinadabwa. Nthawi imeneyo kwathu kuno woimba ankajambula ndi ndalama zake, n'kunyamula ma CD m'chikwama kukagulitsa yekha padepoti. Ndiye kuti dziko lonseli ndi la indie, kungoti panalibe wotiuza.

Tinagwirizana zopita ku chikondwerero cha nyimbocho, koma mnzangayo anakanitsitsa kuti ndipite ndi buluku langa lakutchalitchi. Tinatsikira kumsika, pakaunjika, n'kundisankhira jinzi yothina moti povala ndinachita kugona chagada pabedi, iye akukoka. M'thumba simunkalowa ngakhale khobidi. Ndalama ndinaika m'sokosi.

Chinali chaka chija mafuta anasowa, anthu akugona pamzere ndi zigubu. Kondakitala anakweza mtengo tisanafike n'komwe ku Liwonde, ati mafuta ndi a pabulaki. Titatsika ku Mangochi tinakwera matola opita ku Nkopola, ine nditaima njira yonse, poti jinzi ija sinkalola munthu kupinda mawondo. Za kutentha kwa kunyanja nyengo imeneyo sindinena.

Titalowa, ndinaona zodabwitsa. Azungu onse anali opanda nsapato, atamanga zitenje m'chiuno, amuna omwe, ena mfundo ili kumbuyo. Ife a ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba tinali m'majinzi ndi m'nsapato zazikulu, tikuzama mumchenga. Aliyense anavala za mnzake, ndipo aliyense ankamuyang'ana mnzakeyo momumvera chisoni.

Mtengo wa Green titaumva, tinagula imodzi aliyense. Pali luso lake logwirira botolo limodzi usiku wonse: chala chachikulu chitseke pakamwa pake kuti anthu asaone pamene mowa walekezera, ndipo ukamayandikiza kumlomo uzingonyowetsa. Pofika pakati pa usiku, wanga unali utafunda ngati tiyi wapamaliro.

Kenaka Foals inakwera. Magitala anawakoleka m'mwamba, pafupi ndi chifuwa, ndipo ankawadodoma timawu tating'onoting'ono, tothamanga, ngati nkhuku zikujompha chimanga palata. Wang'oma ankaidziwa ntchito, zimenezo ndisaname. Vuto linali chiuno changa. Chinkadikira pakhomo poti chilowere, ngati mlendo amene waodira koma eni nyumba sakuyankha. Ndikati ndachipeza, nyimbo yakhota. Ndikati nditsike pansi, jinzi ikukana.

Azungu analibe vuto limeneli, chifukwa iwo chiuno sachiitana n'komwe. Amangodumpha. Kutsogolo kwenikweni anayamba kukankhana, mapewa kugundana, wina kugwa n'kudzutsidwa n'kukankhidwanso. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinalowa pakati kukaleretsa.

"Pepani, pepani, tiyeni tikambirane!"

Mzungu wina wandevu anandikumbatira, n'kukuwa m'khutu mwanga, n'kundiponya kwa mnzake. Nsapato imodzi inatsala komweko.

Nditatuluka m'chipwirikiticho ndinamupeza yo wanga ataima chapatali, maso atatsinzina, mutu ukugwedera pang'onopang'ono ngati munthu amene akumva uthenga wozama. Milomo inkayenda, mawu osatuluka. Sanali yekha. Mzere wonse wa anyamata am'tauni unali choncho, aliyense akusuzumira mnzake ndi diso limodzi kuti aone pokwezera dzanja. Mtsikana wina wachizungu anamufunsa chimbale chimene amachikonda. Iye anayankha m'Chingerezi cham'mphuno kuti amakonda zimbale zawo zakalekale, zoyambirira zija, anthu wamba asanawadziwe. Mtsikanayo anangomwetulira. Pa nthawiyo gululi linali ndi zimbale ziwiri zokha: Antidotes ya mu 2008 ndi Total Life Forever ya mu 2010.

Pobwerera tinakwera minibasi yodzaza ndi madengu a usipa. Titadutsa Ulongwe, dalaivala anaika Ma Blacks. Ndinamva mpando ukugwedezeka. Kucheuka, ndi yo uja, akuimba liwu ndi liwu, Chichewa chosalala ngati wobadwira ku Chileka, dzanja likumenya denga. Mayi wa usipa ankamuvomera. Anaimba nyimbo zitatu asanazindikire kuti ndikumuyang'ana.

"Aise," anatero chapansipansi, "zimenezi zisakafike kukoleji."

Ndinamuuza kuti zitengera ngati andigulire nsapato.