Mkamwini wa Pansi pa Nyanja

Akatswiri a miyala amanena kuti dziko tapondali lagawikana m'matanthwe akuluakulu amene amayenda mwakachetechete, ndi kuti awiri akakumana, lolemera koposa limagwada n'kulowa kunsi kwa linzake. Ndipo ine, amene ndakhala pachikamwini kufikira imvi, nditamva mawu amenewa ndinazindikira kuti ndili ndi mbale wanga kutsidya la nyanja.

Dzina lake ndi Nazca. Thanthwe limeneli lili pansi pa nyanja ya Pacific, ndipo chaka ndi chaka limakwawa masentimita pafupifupi 7, kulowa kunsi kwa South America kudzera paphompho lakuya mamita oposa 8,000 kufupi ndi gombe la Chile. Silinalakwire munthu, mlandu wake ndi wakuti mwala wa pansi pa nyanja umalemera kuposa wa kumtunda, ndipo pamene ukukalamba umazizira, pamene ukuzizira kulemerako kumangowonjezeka. Zitatu zonsezi ndili nazo: ukalamba kumutu, kuzizira m'thumba, kulemera pamimba.

Likatsika makilomita pafupifupi 100, kutentha ndi kupanikizika kumalifinya madzi, madziwo n'kuchititsa miyala yotentha ya pamwamba pake kusungunuka, kufikira chiphalaphala chitakwera ndi kutulukira m'mapiri ophulika a Andes. Alendo amajambula mapiriwo nachita nawo kaso, koma wokhetsa thukuta kunsiko samtchula. Ndimo mmene anthu amatamira nkhokwe ya apongozi anga, osafunsa kuti anapalira ndani.

Komatu wofatsa naye ali ndi tsiku lake. Matanthwe awiriwa amakakamirana zaka zambirimbiri, mphamvu ikuunjikana, ndipo pa 22 Meyi 1960 anapulumukana kufupi ndi Valdivia: chivomerezi cha 9.5, chachikulu koposa chimene makina anayezapo, chimene mafunde ake anakapha anthu ngakhale ku Hawaii ndi ku Japan.

Nditalimba nazo mtima, ndinaiwala dala kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo tsiku lina madzulo ndinaimirira pakati pa bwalo, ndinaponda pansi mwamphamvu ndi phazi lamanja, ndi kulengeza kuti kuyambira lero mawu anga amveke pamudzi pano. Nkhuku imodzi inasuntha pang'ono. Apongozi, osachotsa maso palichero, anauza mwana wawo kuti, "Uwafunse bambo a anawo ngati ndi linthumbu, phulusa lili pamoto, akatha akatsekere mbuzi."