Mkango wa Pakalilole

Kwabuka chiphunzitso pakati pathu masiku ano, chimene anthu akutumizirana pa WhatsApp tambala asanalire, chakuti munthu wofooka mtima ndi wonyozeka pamaso pa abale angathe kudzibwezera yekha ulemerero wake, ngati m'mawa uliwonse aimirira pakalilole ndi kudziuza mokweza kuti iye ndi wamphamvu, wanzeru, ndiponso woyenera zokoma zonse za pansi pano. Ine, pokhala munthu amene ngakhale nkhuku za pakhomo panga sizipatuka ndikamadutsa, ndinaona kuti uthengawu analembera ine.

Nzeruyi si ya lero ayi. Kunali mkulu wina wogulitsa mankhwala ku France, dzina lake Émile Coué, amene anamwalira mu 1926, ndipo iyeyu ankalangiza odwala kuti m'mawa ndi madzulo azibwereza ka 20 mawu odzitsimikizira kuti zinthu zikunka zikoma, uku akuwerengera pachingwe cha mfundo 20 kuti asasokoneze. Pambuyo pake mbusa wa ku New York, Norman Vincent Peale, anatulutsa mu 1952 buku la maganizo onga omwewa limene anthu mamiliyoni anagula. Ndipo apa pokha ndivomereza kuti mawu olimbikitsa amalemeretsadi munthu, makamaka wowagulitsayo.

Choncho ndinamanga mfundo zanga pachingwe cha thumba la makala. Ndipo popeza kalilole wathu ndi chibenthu chimene chimaonetsa diso limodzi ndi theka la mphuno, ndimalalikira chiwalo chimodzichimodzi. "Ndiwe mkango," ndimaliuza disolo. "Lero palibe wokupondereza." Amayi akunyumba, amene nthawi imeneyo amakhala akukupiza mbaula pakhonde, anandiyankha tsiku lina mwaulemu wonse: "Bambo, mkangowo ukatha kubangula muuuze kuti shuga watha." Sindinawadzudzule, pakuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mikango yambiri ya mu Ndirande ikumwa tiyi wosatsekemera.

Mphamvuzo zimandiperekeza bwino lomwe mpaka pasiteji. Koma kondakitala akangoti, "Madala, tasunthani, anayianayi pamenepo," mkango uja umapinda mchira, nukhalira thako limodzi mpaka ku Limbe, chigongono cha munthu wina chili m'nthiti, ndipo chenji umachita kupempha motsitsa mawu, n'kuthokozanso akaupatsa choperewera.

Akatswiri a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada, motsogozedwa ndi Joanne Wood, anapeza mu 2009 kuti anthu odzikayikira akamabwereza mawu odzitamanda amatsika mtima koposa kale, pamene odzidalira kale ndiwo amapindulako pang'ono. Ine sindinadabwe nazo, pakuti mtima ndi mboni yosalandira chiphuphu: pakamwa pakangoti "ndine wolemera," iwo umatsegula kabuku ka ngongole ka paokala, nuyamba kuwerenga mokweza, kuyambira mchere mpaka machesi. Mose yemwe, atadandaula kuti lilime lake n'lolemera, sanapatsidwe kalilole, koma anapatsidwa Aroni woti azimulankhulira. Aroni wanga ine ndi alamu anga, ndipo nawonso ndinawakongola.

Komabe chimene chandithetsa nzeru n'chakuti uthenga umenewu sukusankha foni. Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lachiwiri m'mamawa, ine ndili pakati pa chingwe changa, mtima utayamba kufunda ndithu, ndinamva kuseri kwa khoma mawu a eni nyumba, nkhalamba yofatsa imene yakhala ikundipirira chiyambire dzinja, ikunena pang'onopang'ono ndi chikhulupiriro chachikulu: "Ndine wolimba mtima. Lero sindimvera munthu chisoni. Lero ndilandira lendi yanga yonse." Ndinawasiya akadali pamfundo yachisanu, ndipo ndinadzera njira ya kuseri kwa chimbudzi, nsapato zili m'manja.