Kwa Eni Kulibe Mkuwe: Mutu wa Nkhuku mu Mzinda wa London

Mwambi wakuti "kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo" unabadwa kale, ulendo ukadali wapansi, pamene mlendo ankadya chimene eni mudzi amuikira m'mbale. Kwawo munthu akhoza kukhala wodya ntchafu ndi nthutumba, koma kwa eni akamuninkha mutu amasamba m'manja, kubwira, n'kuthokoza. Masiku ano anthu amayenda pa ndege, komabe mwambiwu sunakalambe. Umagwira ntchito kwambiri ku London, kumene envulopu ya ndalama imene inanyamuka ku Lilongwe kapena ku Lusaka ili yonenepa imafika itaonda ikangosanduka mapaundi.

Mayeso oyamba amayambira pa bwalo la ndege la Heathrow. Kuchokera apa pali njira zingapo zolowera mumzinda. Sitima ya Heathrow Express imafika ku Paddington pa mphindi 15, ndipo mtengo wake umathamanga chimodzimodzi. Takisi yakuda imanyamula munthu mwaulemu, koma mita yake siyipuma ngakhale galimoto itaima pa maloboti. Mutu wa nkhuku ndi sitima yapansi panthaka ya Piccadilly, imene imaima pa siteshoni iliyonse n'kutenga pafupifupi ola, pa mtengo wochepa kwambiri. Sitima ya Elizabeth, imene inayamba kuyenda mu 2022, ili pakatikati pa liwiro ndi pa mtengo pomwe. Munthu amene watha usiku wonse m'ndege kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi alibe chifukwa chogulira mphindi 40 ndi ndalama ya chakudya cha tsiku lonse. Buckingham Palace sithawa.

Malo ogona ndiwo amadya gawo lalikulu la ndalama. Otchipa kwambiri ndi mahositelo, monga a bungwe la YHA, kumene anthu 6, 8 kapena 12 osadziwana amagona chipinda chimodzi pa mabedi osanjikizana ngati ana a sukulu yogonera komweko. Udindo umatsala pakhomo. Bambo amene kwawo amatsegulidwira chitseko cha galimoto amapezeka pakati pa usiku akukwera makwerero a bedi lapamwamba, tochi ya foni ili kukamwa, pansi pake mnyamata wa ku Australia akuliza mkonono mosatekeseka. Bamboyo sangakuwe, pakuti naye wa mkononoyo walipira. Zofunika kunyamula ndi loko ya pa kabati, patapata wa m'bafa, thaulo ndi tothira m'makutu. Posankha hositelo, chofunika kuposa kukongola kwa makatani ndi khitchini imene alendo amaloledwa kuphikiramo.

Amene msana wawo sulola makwerero ali ndi njira ina. Kuyambira cha mu July kufika September, ophunzira akapita kutchuthi, mayunivesite monga LSE ndi Imperial College amachititsa lendi zipinda zawo kwa alendo. Kachipindako kamakhala ndi bedi limodzi, tebulo ndi chitseko chotsekeka, pakati penipeni pa mzinda. Mapu a sitima za London anagawidwa m'zigawo zozungulira, kuyambira chigawo 1 chapakati. Nyumba zimatchipa munthu akamatalikira, koma mtengo wa sitima umakwera, choncho masamu ake amafunika kuphatikiza ziwirizi. Kusungitsa malo kudakali miyezi kumachepetsanso mtengo.

Pali hotelo ina imene sipezeka pa intaneti: nyumba ya wachibale. Vuto lake loyamba n'lakuti achimwene amene kumudzi amadziwika kuti ali ku London kawirikawiri amakhala ali ku Luton, pafupifupi makilomita 50 kuchokera mumzindawo. Vuto lachiwiri n'lakuti achimwenewo amagwira ntchito usiku, amagona masana, ndipo gasi wotenthetsa nyumba amalipira okha. Mlendo amapatsidwa sofa, ndipo sofayo n'chiwalo. Ayenera kupinda zofunda ana asanadzuke, kugulako mkaka ndi buledi, kusamba mwachidule, ndiponso kunena tsiku lobwerera asanafunsidwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mame amene afika sabata yachitatu asanakamuke amayamba kutchedwa dzina lina kukhitchini.

Pa nkhani ya chakudya, masitolo akuluakulu monga Tesco ndi Sainsbury's ali ndi chimene amachitcha meal deal: sangweji, kanthu kotafuna ndi chakumwa pa mtengo umodzi. Sangwejiyo imakhala yozizira, ndipo m'mimba mozolowera nsima imangodutsa osapereka moni. Komabe anthu ovala masuti a m'maofesi a mumzindawo amadya zomwezo atakhala pa benchi, motero palibe wochita naye manyazi. Aldi ndi Lidl ndi masitolo otchipirapo pogula zophika. Madzulo kumakhala mwambo wa timapepala tachikasu. Wantchito amatuluka ndi kamakina n'kuyamba kumata mitengo yotsika pa zakudya zimene tsiku lake likutha, ndipo pambuyo pake pamatsatira kagulu ka anthu onamizira kuwerenga zolembedwa pa botolo la mafuta. Akangosuntha, manja amatuluka mbali zonse. Nkhuku yootcha imene masana inali yonyada imapita kwa wodekha pa mtengo wodzichepetsa.

Kulesitilanti kumafuna maso. Malo ambiri amawonjezera 12.5 peresenti pa bilu ngati yothokozera operekera zakudya, choncho wosiyanso ndalama patebulo wathokoza kawiri. Woperekera zakudya akafunsa za madzi, mlendo woyankha mongogwedeza mutu amalandira botolo lolipira. Madzi apampopi a ku London ndi abwino kumwa, ndipo malo ogulitsa mowa amalamulidwa kupereka madziwa ulele kwa kasitomala amene wapempha. Safunsa anadya phula, n'kulipiranso.

Tsiku lachinayi thupi limayamba kufunsa nsima. Ufa woyera umapezeka m'timasitolo ta zakudya za ku Africa ku Brixton ndi ku Peckham. M'khitchini ya hositelo mulibe mthiko kapena chipande, koma supuni yathabwa ndi mkono wolimba zimakwanira. Wophikayo ayenera kukonzekera mafunso a anzake ofuna kudziwa chifukwa chake akumenyana ndi poto, ndiponso ngati zoyerazo ndi mbatatesi yosinja. Ndiwo zimagulidwa komweko: malamulo a Britain salola mlendo wochokera ku Africa kulowa ndi nyama kapena zamkaka, choncho nyama yowamba imene apongozi analongedza mwachikondi imathera m'bini ya pa bwalo la ndege.

Mabasi ofiira a London anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014. Munthu amagunditsa khadi la Oyster kapena khadi la kubanki pa kamakina kachikasu, n'kukhala pansi. Mulibe kondakitala woti n'kunenerera naye, ndipo basi siima paliponse pamene wina wagogoda denga. Ubwino wake ngwakuti wolipira kamodzi akhoza kusintha mabasi kangapo mkati mwa ola limodzi osalipiranso, komanso pali malire a ndalama zimene khadi limadulidwa pa tsiku. Sitima zapansi zimakwera mtengo pakati pa sabata kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 mpaka 7 koloko madzulo, nthawi imene mlendo alibe bwana womudikira. Mabasi opanda denga onyamula alendo amalipiritsa kwambiri, chonsecho mpando wakutsogolo m'chipinda chapamwamba cha basi wamba umaonetsa misewu yomweyo, mvula osanyowa nayo. Miyendo nayo ndi yaulere. Pakati pa siteshoni ya Leicester Square ndi ya Covent Garden pali mtunda wosakwana mamita 300, koma tsiku lililonse pamapezeka alendo otsika pansi panthaka kukalipira ulendo umenewu. Pa masitepe oyenda okha lamulo ndi kuima kumanja. Woima kumanzere samukalipira, amangomupumira m'khosi mpaka atazindikira yekha.

Pa zokaona m'pamene mwambiwu umatembenuka, chifukwa ku London zaulere zambiri ndizo ntchafu. Kuyambira mu 2001 nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zinthu zakale zimalowedwa ulele. British Museum, imene inakhazikitsidwa mu 1753, ili ndi mwala wa Rosetta wa ku Egypt ndi zosula zamkuwa zimene asilikali a Britain anatenga mu ufumu wakale wa Benin mu 1897. Mlendo wa ku Africa asachite manyazi kulowa osalipira, pakuti katundu wina ali m'menemo analowanso chimodzimodzi. National Gallery ili pa Trafalgar Square. Ku Natural History Museum mafupa a namgumi otalika mamita 25 analenjekedwa pamwamba pa olowa. Tate Modern ili m'nyumba imene kale inali yopangira magetsi m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Pakhomo pamakhala bokosi la zopereka zaufulu, ndipo mlonda sayang'ana nkhope ya wodutsa osaponya.

Kusinthana kwa asilikali olondera pa Buckingham Palace n'kwaulere, koma sikuchitika tsiku lililonse, motero ndi bwino kuona kaye ndandanda. Westminster Abbey imalipiritsa odzaona malo, koma odzapemphera salipira. M'tchalitchimu munaikidwa thupi la David Livingstone mu 1874, mtima wake utatsala kwa Chitambo ku Zambia. Mlendo amene chikhulupiriro chake chakula mwadzidzidzi ataona mtengo wa tikiti akhoza kulowa pa mapemphero a madzulo n'kumva kwaya, koma adziwe kuti nthawi imeneyo sajambula kapena kuyendayenda. Wofuna kuona mzinda ali pamwamba angathe kulipira pa London Eye kapena The Shard, apo ayi akwere chitunda cha Primrose Hill kapena cha ku Greenwich Park ndi miyendo yake. Sky Garden nayo ndi yaulere kwa wosungitsa malo pa intaneti. Chithunzi chojambulidwa pa Tower Bridge chikafika pa WhatsApp ya banja sichinena kuti mwini wake anagona pa bedi lapamwamba.

Mwambi unati mutu n'chiwalo, sunatchule nthenga. Pali kutchipa kwina kumene kumapweteka. Chipinda cholengezedwa pa Facebook ndi munthu wosadziwika amene akufuna ndalama yonse pasadakhale nthawi zambiri chimakhala cha m'malere. Galimoto wamba imene dalaivala wake akuitanira anthu pamsewu usiku ndi yosaloledwa. Takisi yakuda yokha ndiyo imaimitsidwa ndi dzanja, zina zonse zimayenera kuitanidwa kudzera ku kampani yake. Viza ya mlendo silola kugwira ntchito, ngakhale ganyu ya masiku ochepa, ndipo wopyoza masiku ake amadzitsekera yekha chitseko cha ulendo wina. Nyengo nayo sinyengereredwa: mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo jekete yopyapyala imakwaniritsidwa ndi kaunjika wa m'masitolo a mabungwe achifundo monga Oxfam.

Chomaliza ndi matenda. Zipatala za boma ku England zimalipiritsa mlendo wogonekedwa 150 peresenti ya mtengo wa chithandizo, ndipo timapepala tachikasu sitifika kumeneko. Pa ulendo wonse pali zinthu zitatu zimene wanzeru saumira: inshuwalansi ya paulendo, tikiti yobwerera, ndi nsapato zolimba.